Galasi Limene Tinaotcha pa Uvuni wa ku Kabudula

Pakati pa zaka za m'ma 1980, ku Namitete

Ana anga, kawirikawiri mwandifunsa chimene chinandilekanitsa ndi a Chikhosi, munthu amene ndinawagwirira ntchito kuyambira ndili mnyamata mpaka imvi zitayamba. Ndakhala ndikukuyankhani kuti zinangochitika. Tsopano manja anga amanjenjemera, galasi sindingalidulenso, ndipo nthawi ndili nayo yambiri. Ndilemba mmene zinayendera kuti musadzazimve kwa anthu a pamsika, amene aliyense amazikamba mwakemwake.

Ndinalowa ntchito nditangomaliza pulayimale ya kumudzi kwathu, kuseri kwa Namitete. Malume anga ndi amene ananditengera kwa a Chikhosi, kontilakitala amene nthawi imeneyo ankakonza nyumba zakale za pamishoni. Malume ndiwo analankhula zonse, ine nditaima pambali, manja kumbuyo, maso pansi. A Chikhosi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anafunsa malume ngati ndimalankhula. Malume anati ndimalankhula, koma pang'ono. "Ndiye apite ku magalasi," anatero a Chikhosi. "Olongolola amandiswera katundu." Umo ndi mmene ndinakhalira woika magalasi. Palibe anandifunsa ngati ndikufuna, ndipo akanandifunsa ndikanangovomera.

Anandiphunzitsa okha. Anandionetsa kuyeza kawiri ndisanadule, kunyamula galasi choimika osati chogoneka, kukanda phala lomatira mpaka lifewe m'manja, ndi kukoka chodulira kamodzi kokha, osabwereza pa mzere womwewo. Ndikaswa sankakalipa. Ankangotola chidutswa n'kundiika nacho m'manja kuti ndichiyang'ane, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa mbama. Chimene ndinkafunitsitsa pa moyo wanga n'chakuti asadandaule nane. Akanena kuti zenera lawongoka pamene ine ndikuliona lokhota, ndinkavomera kuti lawongoka, n'kudikira apite kukadya kuti ndiliwongole mwakachetechete. Iwonso anandisunga ngati mwana wa m'nyumba mwawo. Dzina langa la Fabiano anali kulidula n'kumangoti Fabi, ndipo palibenso wina ankandiitana choncho. Galimoto imene inanyamula amayi anu kupita kutchalitchi tsiku la ukwati wathu inali yawo, ndipo nyumba imene munabadwiramo malata ake anakhoma ndi iwo, osalandira kanthu. Zimenezi muzikumbuke pamene mukuwerenga zotsatirazi.

Zaka za m'ma 1990 ndi 2000, ku Mpingu, Nambuma ndi Kasiya

Ntchito inkatiyendetsa kwambiri. Tinamanga nyumba za aphunzitsi kufupi ndi Mpingu, tinakonza mazenera a tchalitchi china cha ku Nambuma, ndipo ku Kasiya tinakhala dzinja lathunthu tikumanga masitolo a anthu amene anapeza bwino ndi fodya. Tinkagona m'nyumba zomwe tikumangazo, pa matumba a simenti opanda kanthu, n'kumapita kwathu pakutha pa mwezi. Vuto la nthawi zonse linali kusowa kwa katundu. Simenti ikapezeka, penti palibe. Penti tikapeza, galimoto ilibe mafuta. Makontilakitala ena ankathawa n'kusiya makoma ali pakati, udzu n'kumera m'zipinda. A Chikhosi sanathawepo ntchito ngakhale imodzi. Ankamaliza. Koma mmene ankamalizira ndine ndinkaona, chifukwa katundu akafika ndine ndinkakwera pamwamba kukamasula zingwe.

Ku Mpingu pulani inkafuna magalasi ochindikala. A Chikhosi anabwera kuchokera kutauni ndi opyapyala, nati ochindikala atha m'masitolo onse, ndipo anandiuza kuti ndichulutse phala m'mbali kuti m'mphepete musaoneke. Ku Nambuma anathira parafini mu penti mpaka chitini chimodzi chinagwira ntchito ya ziwiri. Ku Kasiya mafelemu amene anati ndi atsopano anali ndi mabowo akale pansi pa penti. Tsiku limenelo anandipeza nditagwada, ndikusisita mabowowo ndi chala. Anandigwira paphewa nati, "Fabi, nyumba siwerenga pulani. Imangofuna denga." Ndinaseka nawo pang'ono chifukwa anali kuseka, kenako ndinapitiriza ntchito.

Sindikunena kuti anali munthu woipa. Antchito awo sitinagonepo ndi njala, wina akadwala ankamunyamula okha kupita naye kuchipatala, ndipo nyumba zonse ndatchulazi zilipo mpaka lero, anthu akugonamo. Kungoti ndinazindikira kachinthu kamodzi. Katundu akabwera monga pulani ikunenera, a Chikhosi ankatsitsa ali duu, nkhope yolimba ngati munthu amene waluza mlandu. Akasintha kanthu, ankatsitsa akuimba mluzu. Zaka zonsezo ndinkatchera khutu ku mluzu umenewo, ndipo sindinauze munthu aliyense, ngakhale amayi anu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, kufupi ndi Kabudula

Ntchito yaikulu kuposa zonse inabwera nthawi imene mafuta a galimoto ankasowa dziko lonse. Bungwe lina lakunja linapereka thandizo lomangira hositelo ya atsikana pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Kabudula. Atsikana ochokera kutali ankachita lendi tizipinda kuseri kwa magolosale, n'kumadziphikira okha, ndipo chaka chilichonse ena ankasiya sukulu ndi mimba. Njerwa anaumba ndi makolo eni ake, choncho nyumbayo ankaitenga ngati yawo. Wapampando wa komiti ya makolo anali a Kathumba, mlimi wa fodya, munthu wamfupi amene ankabwera mmawa uliwonse kudzagogoda makoma ndi ndodo yake n'kumamvetsera. Mphunzitsi amene anasankhidwa kuti azidzagona ndi atsikanawo n'kumawayang'anira anali a Nabanda, mayi wosachuluka mawu.

Makolo anakakamira kuti mazenera onse akhale ndi zitsulo, kuopa akuba ndi anyamata. Denga litatha kunabwera mayi wochokera kuboma, woyendera zomangamanga. Analowa m'nyumbamo, naima m'kanjira ka pakati kamene zipinda zonse zimatulukirako, n'kufunsa a Chikhosi funso limodzi: moto utabuka, ana adzatulukira pati? Zitsulo zinali zitalowa kale m'mazenera. Njira inali yomweyo ya pakati, ndipo chakumapeto kwake inkadutsa pa chipinda chositira, mmene muzidzakhala masimbi a makala ndi mbaula. Chipinda chimenecho chinali ndi malo a galasi pachitseko, komanso mazenera oyang'ana m'kanjiramo, oti a Nabanda aziona zochitika mkati. Mayi akuboma aja anati malamulo a zomangamanga salola galasi wamba pamalo otero. Galasi wamba likatenthedwa limasweka n'kugwa, moto ndi utsi n'kudzaza njira ana asanatuluke.

Anatulutsa m'chikwama zidutswa ziwiri n'kuziika pa benchi. China chinali ndi waya mkati, wolukana ngati sefa. Chinacho chinkaoneka ngati galasi lililonse, kungoti chinali chochindikala, ndipo ukachiyang'ana m'mphepete unkaona kuti ndi magalasi angapo omatidwa pamodzi. Anafotokoza kuti lawaya likang'aluka siligwa, choncho limatchinga lawi ndi utsi, koma kutentha kumadutsa ndithu, moti munthu wodutsa pafupi angapse lawi lisanamukhudze. Linalo limatchinga ndi kutentha komwe, kwa nthawi yokwanira kuti anthu atuluke. A Chikhosi anasankha lawaya chifukwa linkapezeka mu Lilongwe momwemu. A Kathumba nawonso anafuna lawaya, koma chifukwa chawo chinali china. Anati wayayo akuoneka ndi maso, munthu akudziwa chimene wagula. Nanga linalo ungalisiyanitse bwanji ndi la pa golosale? Mayiwo anatambasula manja m'kanjiramo, zala zawo zinatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Anati m'njira yopapatiza chonchi, ana akuthamanga mopanikizana, ena atavala zanayiloni, lawaya silingakwane, ndipo iwo sadzalola kuti hositelo itsegulidwe popanda linalo. A bungwe lija anavomera, nkhani n'kuthera pomwepo.

Asanakwere galimoto, mayiwo anandiitana ine. Anandiuza kuti ndiyeze mosamala, chifukwa galasi limeneli silidulidwa pamalo a ntchito. Limachokera kunja kwa dziko lili lodulidwa kale, lililonse la pamalo pake, popanda lapadera. Ndinafuna kuwafunsa kuti likakumana ndi moto limaoneka bwanji, koma a Chikhosi anali pomwepo ndipo ndinachita manyazi kuoneka ngati ndikudziwa kufunsa kuposa iwo. Ndinangoti zikomo.

Chilimwe cha chaka chomwecho

Anatiuza kuti magalasiwo adzafika mvula ikadzayandikira, chifukwa ndalama zakunja zinkavuta. Koma anafika mphepo ya fumbi itangoyamba kumene. Sanabwere pa lole ya kampani yogulitsa. Anabwera pa pikapu ya alamu awo a Chikhosi, bokosi lake lamatabwa litatsamira pa ziguduli za fodya. Nditakwera kuti ndimasule zingwe, ndinaona kuti bokosilo linatsegulidwapo kale. Misomali ina inali yachilendo, yonyezimira, koma ina inali yathu yomweyi ya m'mahadiweya, yokhomedwa mopotoka ndi munthu wofulumira. Ndili mkati moyang'ana misomaliyo ndinamva mluzu pansi. A Chikhosi ankaimba nyimbo ya kwaya, uku akulozera onyamula pogwira.

Tinawalowetsa m'chipinda chosungiramo katundu. Nditatsala ndekha ndinawatulutsa limodzilimodzi. Anali olemera, ochindikala, ndipo pakona pa lililonse panali timalemba ting'onoting'ono. Ndinakanda ndi chikhadabo, timalembato sitinachoke. Koma ndinali nditamvapo kuti mumzinda muli anthu otha kulemba chilichonse pa galasi, ndipo magalasi ochindikala omatidwa ndinali nditawaonapo m'mabanki, amene ntchito yawo ndi kutchinga akuba, osati moto. Ndinaunika padzuwa, ndinagogoda ndi chala, ndinanunkhiza ndi kununkhiza komwe. Galasi linali galasi basi. Tsiku lotsatira ndinayesa kufunsa mozungulira. Ndinati afika msanga, eti, bwana. A Chikhosi anayankha kuti munthu wodziwa anthu sadikira mvula. Yankho limenelo linangowonjezera pa zimene zinali kale mumtima mwanga.

Anandisiyira kiyi wa chipindacho nati akupita ku Njewa kukaima pa mzere wa mafuta, mwina achedwa masiku angapo, ndipo pobwera adzapeze magalasi onse ali m'malo mwake. Mmawa mwake ndinayamba ndi kusesa m'kanjira muja, kenako ndinapukuta mafelemu amene anali oyera kale, kenako ndinanola chipangizo chosafunika kunola. Dzuwa linakwera ndisanaike ngakhale limodzi. Ndili choncho, komiti inafika.

A Kathumba anali ataiona pikapu ija, ndipo nkhani ya bokosi lotsegulidwa inali itafika kale kumidzi kudzera mwa onyamula. Anapempha kuona magalasi. Ndinawatsegulira. Anagwira limodzi, naliyang'ana uku ndi uku, kenako anaseka pang'ono.

"A Fabiano, katswiri ndinu. Tatiuzani. Limeneli ndi lija la mayi aja?"

Ndinati zolemba zake zikutero.

"Sindinafunse zolemba. Thumba la feteleza nalonso limakhala ndi zolemba, mkati muli mchenga."

Anapitiriza kunena kuti kuno munthu sagula khasu osaliliza, sagula mtedza wambewu osaswa n'kuluma, ndipo njerwa zimene anaumba okha anazimenyanitsa asanazipereke. Nanga galasi lokha ndiye alilandire ndi chikhulupiriro ngati sakalamenti? Kuseri kwa sukulu makolo anali akuotcha uvuni wa njerwa zomangira khitchini, ndipo moto unali utayaka kuyambira dzulo lake. A Kathumba anati titenge galasi limodzi, tikatseke nalo pakamwa pa uvuni, tione ndi maso. Ndinafotokoza kuti palibe lapadera. Tikaotcha limodzi, malo amodzi akhala pululu, mayi akuboma sadzalola kutsegula, ndipo lina lidzatenga miyezi kuti lifike. Ndinawapempha kuti adikire eni ake. A Kathumba anati eni akewo akamabwera magalasi adzakhala atalowa kale m'mafelemu, kodi si zimene anakuuzani? Zinalidi zimene anandiuza, ndipo sindinathe kukana.

Anthu anayamba kulankhula onse pamodzi. Wina kumbuyo anati ine ndi a Chikhosi tadya limodzi, n'chifukwa chake ndikutchinga pakhomo. Wina anati munthu wofatsa ndiye amabisa zambiri. Ine ndinangoima, kiyi ali m'manja. A Nabanda anandikokera pambali. Sanakweze mawu. Anati iwo za magalasi sadziwa, koma akudziwa kuti ndi iwo azidzakiya chitseko chakunja madzulo aliwonse, ana a eni ali mkati, ine ndili kwathu ku Namitete. Kenako anandifunsa.

"Inuyo mumtima mwanu mulibe chikayiko? Mukati mulibe, anthuwa ndiwabweza ine."

Akanandifunsa mwaukali mwina ndikanalimba. Foni inali m'thumba ndipo ndikanatha kuwaimbira a Chikhosi, koma yankho lawo ndinkalidziwa, komanso ndinkadziwa kuti ndikangomva mawu awo ndidzati chabwino bwana, monga ndinkanenera nthawi zonse. Ndinkadziwanso kuti galasi likatuluka m'chipindamo ndi manja anga, kaya likapsa kaya silikapsa, malo anga kwa a Chikhosi atha. Munthu wa zaka zanga, wodziwa ntchito imodzi yokha, amene sanafunsirepo ntchito kwina kulikonse. Koma mawu akuti ndilibe chikayiko anakana kutuluka pakamwa panga. Ndinalowa m'chipindamo, ndinasankha laling'ono pa onse, la pachitseko, n'kulinyamula ndekha, chifukwa sindinafune kuti wina aliswe panjira.

Tsiku lomwelo masana, pa uvuni

Nkhani inathamanga kuposa ife. Pofika pa uvuni panali patadzaza amayi otunga madzi, abambo osonkhezera moto ndi ana asukulu amene anathawa m'kalasi. A Kathumba, ngakhale anali wokayikira, sanali wokondera. Anati tiyambe ndi galasi wamba kuti tikhale ndi poyerekezera, ndipo anatuma munthu kukatenga chidutswa chotsala pa mazenera a zipinda zogona. Abambo anakankhira nkhuni zambiri m'kamwa limodzi la uvuni, anaimika chidutswacho pakhomo pake, n'kuzunguliza njerwa ndi matope. Matope asanaume n'komwe chinasweka n'kugwera mkati, lawi linatulukira kunja, amayi n'kubwerera m'mbuyo atagwira zitenje.

Kenako tinaika lathu pakamwa lina. Ndinaliimika ndekha ndipo ndinaonetsetsa kuti matope atseka m'mbali monse. Kwa kanthawi palibe chinachitika. Tinkaona moto ukuvina kuseri kwake ngati tikuonera kanema. Mwadzidzidzi linalira kuti thwa, mng'alu n'kuyenda kuchokera pakona mpaka pakona. Anthu anakuwa. Kenako linayamba kuyera kuchokera pakati, mkati mwake mukufufuma ngati phala lowira, mpaka moto sunaonekenso. Linangokhala chinthu choyera, chong'alukang'aluka, m'mbali mukuda. A Kathumba anavula chipewa n'kutembenukira kwa anthu.

"Mwaona nokha. Ngakhale Atate Wathu sitikanamaliza."

Ena anati aitane apolisi, ena anati otsalawo awasunge kwa wapampando ngati umboni. Ndinakhulupirira zimene aliyense anakhulupirira, kuti galasi lang'aluka ndiye kuti ndi labodza, mluzu uja unanena zoona. Sindinasangalale ngakhale pang'ono. Ndinkangoganiza za mmene a Chikhosi adzayendere pamsika wa Nsaru anthu akuwaloza.

Phokoso lili pakati ndinamva galimoto ikuima kusukulu. A Chikhosi anali atapeza mafuta msanga. Anapeza chipinda chili chotsegula, wina anawalozera kuuvuni, ndipo anabwera wapansi, osafulumira. Anthu anawapatsa njira. Mnyamata wina anakuwa kuti wakuba, mkulu wina n'kumuletsa. A Chikhosi anayang'ana galasi loyeralo, anayang'ana ine. Kenako anatembenukira kwa a Kathumba n'kuwapempha fodya wouma amene ankayenda naye m'thumba la jekete, wopichira ndudu zawo.

"Mukufuna kusuta pa maliro anu omwe?" anafunsa a Kathumba, koma anawapatsa.

A Chikhosi anang'amba tsambalo pakati. Theka analiyandikiza pakamwa paja pamene panagwa galasi wamba. Lisanafike n'komwe pafupi linapindika, linafuka utsi n'kuyaka, iwo n'kuliponya pansi. Theka linalo analigunditsa pa galasi loyera lija, n'kuligwira ndi zala pomwepo. Palibe mlimi wa fodya amene sadziwa mmene tsamba louma limakondera moto. Tonse tinadikira utsi. Kuseri moto unkamveka ukulilima, koma tsamba linangokhala mmene linalili. Atatopa kugwira analipereka kwa a Kathumba nati anunkhize. A Kathumba ananunkhiza, analifikisa m'zala, kenako anayandikiza kuseri kwa dzanja lawo pa galasilo, n'kulikhudza mwachangu, n'kulikhudzanso. A Nabanda nawonso anabwera nakhudza. Anati likufunda ngati khoma lowombedwa ndi dzuwa.

A Chikhosi anafotokoza mwachidule, ngati munthu wosafuna kuwononga malovu. Anati kung'aluka ndi kuyera ndiyo ntchito yake; mbali yoyang'ana moto imasweka, zimene zili pakati n'kufufuma, n'kukhala ngati bulangete lotchinga kutentha. Ogulitsa anawaonetsa zimenezo asanagule. Bokosi analitsegula ndi a pachipata cha dziko pofuna kuona za mkati, ndipo alamu awo, amene ankachokera komweko, anangolinyamula chifukwa lole ya kampani inalibe dizilo. Za mluzu palibe anafunsa, poti amene ankaudziwa ndine ndekha, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene ankaimbira tsiku limenelo. Mwina anangokondwa kuti katundu wafika.

Anthu anayamba kuseka mwamanyazi, ena kuwomba m'manja. A Kathumba anavala chipewa, anachivulanso, nati pepani bwana, tinangofuna kuona. A Chikhosi anati mwaona. Anawonjezera kuti limene aotchalo silingalowenso pachitseko, lina lidzafika mvula itagwa kale, ndipo mpaka nthawi imeneyo atsikanawo azigona kumene akugona. Kuseka kunathera pomwepo. Zinachitikadi choncho. Hositelo inatsegulidwa teremu yathunthu itadutsa, ndipo miyezi imeneyo atsikana anakhalabe m'tizipinda ta kuseri kwa magolosale. A Nabanda okha ndi amene anandiyang'ana pamene anthu ankabalalika. Anagwedeza mutu pang'ono n'kumapita, ndipo sindinadziwe ngati kunali kuthokoza kapena kupepesa.

Ndinatsatira a Chikhosi kusukulu, ndikuyenda kumbuyo kwawo. Anafika pa galimoto, anatsegula chitseko, koma sanalowe. Anaima atagwira chitsekocho, akuyang'ana kumunda wa chimanga wokololedwa kale. Polankhula, mawu awo anali otsika, oti wina aliyense sakanamva.

"Fabi. A Kathumba andikayikira chifukwa sandidziwa. Amenewo ndawamvetsa. Nanga iwe?"

Mawu akuti pepani anali kale pa lilime langa. Ndinali nditawanena kwa iwo kambirimbiri, pa zolakwa zanga ndi pa zosakhala zanga. Ndinakweza maso n'kuwayang'ana kumaso.

"Ine n'chifukwa choti ndimakudziwani, bwana."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anangotambasula dzanja. Ndinaikamo kiyi uja. Anati magalasi otsalawo aika okha, ine ndipite ndikapume.

Ndinatenga chikwama changa ndi chodulira n'kuyamba wapansi kulowera ku Nsaru. Kumeneko ndi kumene ndinadzatsegula kamalo kanga kodulira magalasi, kamene kanakuphunzitsani nonsenu, mpaka manja atayamba kundikana. Ndi a Chikhosi takumana kumaliro kangapo. Timapatsana moni ndi manja awiri, timafunsana za ana ndi za mvula. Funso lina sanandifunsenso, ndipo yankho lija sindinalibweze.